Kuchokera ku Singapore Kukafika ku New York Osatera Panjira

Dzuwa likafika paliwombo mu mzinda wa Singapore, pa bwalo la ndege la Changi pamanyamuka ndege ya kampani ya Singapore Airlines yopita ku New York m'dziko la America. Pa tikiti ya munthu wokwera ndegeyo pamalembedwa kuti anyamuka cha m'ma 12 koloko masana, ndipo akatera pa bwalo la John F. Kennedy nthawi itapitirira pang'ono 6 koloko madzulo a tsiku lomwelo. Mwana wa sukulu wochenjera pa masamu atapatsidwa tikitiyo, angachotsere msangamsanga n'kuyankha kuti ulendowo ndi wa maola asanu ndi limodzi ndi mphindi zingapo. Kuchotsera kwake kungakhale kolondola ndithu, koma yankho lake lingakhale lolakwa kutalitali, pakuti mwini tikitiyo amakhala m'ndegemo maola pafupifupi 18 kapena kuposerapo, osatsika, osaponda nthaka.

Mwa maulendo onse amene ndege zonyamula anthu zimayenda mwa ndondomeko popanda kutera panjira, umenewu ndiwo wakhala wautali koposa chiyambire mwezi wa Novembala m'chaka cha 2020. Mtunda wa pakati pa mabwalo awiriwa ndi makilomita 15,349. Chiwerengero chotere chimangodutsa m'makutu ngati palibe chochiyerekeza nacho. Dziko la Malawi, kuchokera kumalire a kumpoto kukafika kumalire a kumwera, ndi lotalika makilomita pafupifupi 850, ndipo ndege ya mtundu umenewu ingadutse utali wonsewo pa ola limodzi lokha. Motero ulendo wa ku New York uli ngati kudutsa Malawi kuchokera kumutu kufika kumchira maulendo 18 motsatizana, osapuma.

Komatu mtunda ndi nthawi si zinthu zofanana, ngakhale kuti anthu amazitchulira pamodzi. Mtunda wa pakati pa mabwalo awiri susintha. Umene udali dzulo ndi womwewo lero. Nthawi yokha ndiyo imasinthasintha, ndipo imamvera mphepo, mafuta, ndale za maiko ndi mawotchi a anthu. Munthu wofuna kumvetsa ulendowu ayenera kuyamba ndi chimene sichisintha.

Pa khoma la kalasi nthawi zambiri pamakhala mapu a dziko lonse ojambulidwa pa pepala lafulati. Pa mapu otere Singapore amakhala kudzanja lamanja, pafupi ndi mzere wa Equator, pamene New York amakhala kudzanja lamanzere, chakumtunda. Wophunzira akauzidwa kuti asonyeze njira yachidule, amatenga rula n'kulemba mzere wowongoka wodutsa pa nyanja ya India, pa Africa ndi pa nyanja ya Atlantic. M'maso mzerewo umaoneka wachidule, koma mapu ndiwo amunamiza. Dziko ndi lobulungira, ndipo palibe angasende khungu la lalanje n'kuliyala pa tebulo popanda kuling'amba kapena kulikoka. Mapu ambiri a m'sukulu amatsata njira imene Gerardus Mercator adatulutsa m'chaka cha 1569 pofuna kuthandiza amalinyero, ndipo njirayo imafutukula kwambiri maiko a kufupi ndi nsonga za dziko. N'chifukwa chake chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuchiposa pafupifupi ka 14.

Mphunzitsi amene ali ndi gulobu angathetse mkanganowu ndi kachingwe chabe, ndipo amene alibe gulobu angagwiritse ntchito mpira kapena dzungu lobulungira bwino. Akaika nsonga imodzi ya chingwe pa Singapore, ina pa New York, n'kuchikoka kuti chikungike, chingwecho sichidzera ku Africa konse. Chimakwera kumpoto, kudutsa China ndi Russia, kulambalala pang'ono nsonga ya kumpoto kwa dziko imene imatchedwa North Pole, n'kutsikira ku Canada mpaka ku New York. Imeneyi ndiyo njira yachidule yeniyeni, ndipo akatswiri amaitcha great circle, chifukwa mzerewo utapitirizidwa ungazungulire dziko n'kuligawa pakati penipeni.

Chokoma pa mizinda iwiriyi n'chakuti mtunda wake ungawerengedwe pa bolodi popanda makina alionse. Singapore ali pa longitude ya madigiri 104 kum'mawa, New York pa madigiri 74 kumadzulo. Kuphatikiza ziwirizi kumapereka 178, kungoperewera awiri kuti akwane 180, kutanthauza kuti mizindayi ili pafupifupi mbali zotsutsana za gulobu, ndipo njira yake iyenera kudzera pamwamba. Kuchokera ku Singapore, amene ali pa latitude yongopitirira digiri imodzi kumpoto kwa Equator, kukafika ku North Pole pali madigiri 89 osakwana bwino. Kuchokera ku North Pole kutsikira ku New York, amene ali pa madigiri pafupifupi 41, pali madigiri 49 ndi kachidutswa. Onse pamodzi ndi madigiri 138. Digiri iliyonse pa mzere wotere ndi makilomita 111, ndipo 138 kuchulukitsa ndi 111 kumapereka 15,318. Kusiyana kwake ndi chiwerengero cha akatswiri ndi makilomita 31 okha. Masamu a m'kalasi, amene ana ena amati alibe ntchito pa moyo, apa afika pakhomo penipeni pa bwalo la ndege.

Mtunda ukadziwika, nthawi imaoneka ngati yosavuta. Ndege zazikulu zimauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola, pa msinkhu wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi. Kugawa 15,349 ndi 900 kumapereka maola 17. Nanga ola linalo, mwinanso awiri, limachokera kuti? Lina limathera pansi pomwe, pamene ndege ikuyenda pang'onopang'ono kupita pa msewu wake wonyamukira ndi kudikira kuti zinzake zidutse. Lina limathera pokwera ndi potsika, pamene liwiro limakhala lochepa. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti ndegeyo kawirikawiri sitsata chingwe chija.

Kumwamba kumene ndege zimauluka kuli mitsinje ya mphepo yotchedwa jet stream, imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Imabadwa pamene mpweya wozizira wa kunsonga za dziko ukumana ndi mpweya wofunda wa chapakati, ndipo kuzungulira kwa dziko ndiko kumaikhotetsera kum'mawa. Liwiro lake limafika makilomita 200 pa ola, ndipo m'nyengo yachisanu limapitirira 300. Aliyense amene adapalasapo bwato pa Shire akudziwa kusiyana kwa kutsata madzi ndi kulimbana nawo. Ndege imene mphepo ya makilomita 200 ikuikankha kumbuyo imadutsa nthaka pa makilomita 1,100 pa ola. Ikakumana ndi mphepo yomweyo chamaso imatsikira pa 700, pamene injini zikumwa mafuta chimodzimodzi. M'mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 idachoka ku New York n'kukatera ku London patangopita maola anayi ndi mphindi 56, ulendo umene umatenga maola oposa asanu ndi limodzi. Injini zake zidali zomwezo za masiku onse.

Chifukwa cha mphepoyi, okonza ulendo wa Singapore amaunika zanyengo tsiku lililonse asanasankhe njira. Popita ku New York ndege imakonda kulowera kumpoto chakum'mawa, kudzera cha ku Japan, pamwamba pa nyanja ya Pacific, Alaska ndi Canada. Pobwerera, m'malo mobwerera m'mapazi ake n'kulimbana ndi mphepo, kawirikawiri imapitirirabe kum'mawa: imawoloka Atlantic, kudutsa Ulaya, maiko a pakati pa Ulaya ndi India, India mwiniwake, mpaka kwawo. Njira imeneyi imapitirira makilomita 16,000, koma mphepo imabweza zimene mtunda walanda. Motero ndege imodzi, popita ndi pobwera, ingazungulire dziko lonse ikuyang'ana kotulukira dzuwa kokhakokha. Akale adanena kuti kuthamanga si kufika, ndipo oyendetsa ndege angawonjeze kuti kudula njira nakonso si kufika.

Pali maganizo ena amene amamveka m'makalasi, akuti ulendo wina umafupika chifukwa dziko limazungulira kunsi kwa ndege, n'kuibweretsera mzinda umene ikupitako. Zimenezi si zoona. Dziko limazunguliradi, ndipo pa Equator limathamanga makilomita oposa 1,600 pa ola, koma mpweya wonse umazungulira nalo limodzi. Ntchentche youluka m'basi yothamanga simenyedwa ndi galasi lakumbuyo, chifukwa mpweya wa m'basimo ukuyenda pamodzi ndi basiyo. Ndiponso dziko limazungulira cholowera kum'mawa. Zikadakhala monga amanenera, ndege yopita kum'mawa ndiyo ikadachedwa, pothamangitsa mzinda wothawa. Koma yopita kum'mawa ndiyo imafulumira.

Mlengalenga ulinso ndi eni ake. Dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa thambo la pamwamba pake, ndipo likakana, ndege imazungulira. M'chaka cha 1963 maiko ambiri a mu Africa adaletsa ndege za South African Airways kudutsa pamwamba pawo chifukwa cha tsankho la boma la azungu, ndipo kwa zaka zambiri ndege zochokera ku Johannesburg kupita ku Ulaya zinkazungulira gombe la kumadzulo kwa Africa, zina n'kumatera pa chilumba cha Sal ku Cape Verde kukamwa mafuta. M'chaka cha 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, thambo la Russia lidatsekedwa kwa makampani a maiko ambiri, ndipo ulendo wa kampani ya Finnair wochokera ku Helsinki kupita ku Tokyo, umene unkatenga maola pafupifupi asanu ndi anayi, udayamba kutenga 13. Helsinki ndi Tokyo sadasunthe ngakhale phazi limodzi.

Malamulo a chitetezo nawonso amapinda njira. Ndege ya injini ziwiri iyenera kuuluka mwakuti, injini imodzi itazima, ingathe kufika pa bwalo lina ndi yotsalayo m'nthawi yoikika. Mabwalo ngati la Anchorage ku Alaska amakhala m'maganizo mwa oyendetsa ndege ngakhale sakufuna kuterapo. Ndipo mafuta sayesedwa kuti angokwanira kukafika. Payenera kukhala ena oti ndege ikafike pa bwalo lina ngati loyambalo latsekedwa, ndi enanso oti izungulire m'mwamba mphindi 30. Apa ndi pamene masamu a mtunda ndi mphepo amasiya kukhala funso la pa mayeso, pakuti pamwamba pa Pacific palibe poimika.

Mafuta ndiwo mtima wa nkhani yonse. Galimoto ikatha mafuta imaima pa malo omwetsera. Ndege yosatera panjira iyenera kunyamuka ndi mafuta onse a ulendo. Mafuta a ola lomaliza amanyamulidwa maola 17 asanagwire ntchito, ndipo kuwanyamulako kumadyanso mafuta ena. Ali ngati munthu wa ulendo wa masiku ambiri wosenza kamba wake yense pamutu: katunduyo amamulemetsa, njala imakula, ndipo amadya kwambiri chifukwa cha chakudya chomwe wasenzacho. N'chifukwa chake ndege imayamba ulendo ikuuluka chapansi, ndipo ikamapepuka imakwera pang'onopang'ono kumka kumene mpweya uli wopyapyala, kumene injini sizimwa kwambiri.

Kampani ya Singapore Airlines idaphunzira zimenezi ndi thumba lake. Idayamba ulendo wosatera wopita ku bwalo la Newark, limene lili pafupi ndi New York, m'mwezi wa Juni m'chaka cha 2004, ndi ndege ya Airbus A340-500 ya injini zinayi ndi mipando 181. M'chaka cha 2008, pamene mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse udapitirira madola 140 pa mgolo, kampaniyo idachotsa mipando yotsika mtengo n'kusiya 100 yokha, yonse ya anthu olipira ndalama zambiri. Ngakhale zidatero, phindu lidavutabe, ndipo m'mwezi wa Novembala m'chaka cha 2013 ulendowo udathetsedwa. Kwa zaka zisanu munthu wochoka ku Singapore kupita ku New York ankayenera kutera kwina panjira.

Ulendowu udayambiranso m'mwezi wa Okutobala m'chaka cha 2018, pamene padabwera ndege ya Airbus A350-900ULR. Imeneyi ili ndi injini ziwiri zokha, ndipo gawo loposa theka la thupi lake n'lopangidwa ndi zipangizo zopepuka kuposa chitsulo. Matanki ake amalowa malita 165,000, ndiwo migolo 825 ya malita 200 umodzi. Komabe walira mvula walira matope: kuti mafuta onsewo anyamulike, ndegeyo idaikidwa mipando 161 yokha, pamene inzake ya mtundu womwewo ya maulendo ena ataliatali pa kampani yomweyo idali ndi mipando 253. Anthu 92 adasiyidwa pansi kuti m'malo mwawo mukwere mafuta, ndipo mtengo wa mipando yawo udagwera otsalawo. Ndege za mtundu umenewu zidapangidwa zisanu ndi ziwiri zokha. Ulendo wa ku bwalo la John F. Kennedy utayamba mu 2020, udalanda ulemu wa Newark ndi makilomita asanu okha, mtunda umene mwana amayenda wapansi popita ku sukulu.

Kutalika kwa mtunda sikutanthauza kutalika kwa nthawi, ndipo mbiri ya Singapore yomweyo ili ndi umboni. Mzindawu utagwa m'manja mwa asilikali a Japan m'mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 1942, njira ya ndege ya pakati pa Australia ndi Britain idaduka. Kuyambira 1943 mpaka 1945 kampani ya Qantas inkaulutsa ndege zotera pamadzi za mtundu wa Catalina kuchokera ku Perth kupita ku nyanja ya Koggala ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Mtunda wake udali makilomita pafupifupi 5,600, wongopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wa ku New York, koma ndegezo zinkakhala m'mwamba maola 27 mpaka 33, chifukwa liwiro lake lidali la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Zinkanyamula anthu atatu okha ndi makalata, wailesi itatsekedwa poopa adani, oyendetsa akutsata nyenyezi. Okwera ankapatsidwa chikalata chochitira umboni kuti adaona dzuwa likutuluka kawiri asanatsike.

Tsono funso la tikiti ija. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiwo madigiri 15 pa ola. Mizinda yotalikirana madigiri 178 iyenera kusiyana maola pafupifupi 12, ndipo zilidi choncho: kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro a Novembala Singapore amakhala patsogolo pa New York ndi maola 12, ndipo miyezi yotsalayo ndi maola 13, chifukwa anthu a ku New York amabweza mawotchi awo ola limodzi m'nyengo yachisanu. Malawi ali pakati pa awiriwa. M'mwezi wa Julayi, ikamakwana 12 koloko masana ku Lilongwe, ku Singapore ndi 6 koloko madzulo pamene ku New York ndi 6 koloko m'mawa. Tikiti imalemba nthawi yonyamukira pa wotchi ya kochokera, ndi nthawi yofikira pa wotchi ya kopita. Wonyamuka ku Singapore Lolemba masana, pakatha maola 18 wotchi ya pamkono pake imati ndi 6 koloko m'mawa wa Lachiwiri, koma ya pa khoma la bwalo la ku New York imati ndi 6 koloko madzulo a Lolemba. Panjira adawoloka mzere wosinthira tsiku umene uli pakati pa Pacific, ndipo Lolemba adalilowa kawiri.

Pobwerera ngongoleyo imabwezedwa. Wonyamuka ku New York 10 koloko usiku wa Lolemba, pakatha maola 19 amatera ku Singapore 5 koloko m'bandakucha wa Lachitatu. Wochotsera pa tikiti angapeze maola 31. Lachiwiri lonse latha iye ali m'malere, ndipo latha lofupika.

Wotchi imasinthidwa ndi zala ziwiri, koma thupi silimva msanga. Munthu amatera ku New York anthu akukonzekera chakudya chamadzulo pamene m'mimba mwake muli njala ya kadzutsa. Usiku tulo timamuthawa, masana timamugwira ali pakati pa msonkhano, ndipo pamapita masiku angapo asanazolowere. M'ndege momwemo mpweya umakhala wouma, ndipo mphamvu yake imafanana ndi ya pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800, kuposa pang'ono tauni ya Dedza. Kukhala pansi nthawi yaitali kumatupitsa miyendo, ndipo kwa ena magazi amatha kuundana m'mitsempha. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kumwa madzi pafupipafupi ndi kuimirira kuyendako pakati pa mipando. Oyendetsa ndege amakhala anayi, awiri pa chiwongolero pamene awiri akugona m'kachipinda kawo, pakuti amene adzatereze ndegeyo pakatha maola 18 ayenera kukhala ndi maso akuthwa kuposa onse.

Popeza kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, palibe mabwalo awiri amene angatalikirane kuposa theka lake, makilomita 20,000. Wopitirira pamenepo wayamba kubwerera. Ulendo wa Singapore wadya kale magawo atatu mwa anayi a malire amenewo. M'chaka cha 2022 kampani ya Qantas idaitanitsa ndege 12 za mtundu wa Airbus A350-1000 zoti zidzauluke osatera kuchokera ku Sydney kupita ku London, mtunda wa makilomita pafupifupi 17,000. Iliyonse idakonzedwa kuti ikhale ndi thanki yowonjezera ya malita 20,000 ndi mipando 238, kuti izitha kukhala m'mwamba mpaka maola 22.